Siyani Chitseko Chimodzi Chizilira

Dzina lakuti a Mwatichani silinachokere kwa makolo awo ayi. Anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, chifukwa ukawauza chilichonse, kaya ndi moni kaya ndi uthenga wa maliro, yankho loyamba linali lomwelo: mwati chani? Poyamba anthu ankalitchulira kumbali, kenako anaona kuti ngakhale ulitchule iwo ali pompo palibe chimasintha, basi linakhazikika. Eni akewo ankalidziwa ndithu ndipo linkawapweteka, koma anali ndi pothawira. Ankati vuto si makutu awo, vuto ndi vani.

Ndipo tisanamizane, vani imeneyo inali ndi pakamwa. Inali ya mng'ono wawo, mwini bizinesi yoperekera mazira m'mashopu, koma woiyendetsa kwa zaka naintini anali iwowo. Kumbuyo kunalibe mpando, kunalibe kapeti, chitsulo chokhachokha ngati mgolo wopanda madzi. Ukangoiliza, denga linkayambitsa nyimbo, zitseko n'kuvomereza, matayala pansi ali wuuu, timiyala ta mumsewu tikuwaza pamimba pake osalekeza. Malabala a m'zitseko anatha kalekale, moti mphepo inkangolowa n'kumaimba likhweru m'khutu la dalaivala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. A Mwatichani anadandaula chaka choyamba, chachiwiri, chachisanu. Mng'ono wawoyo ankangoti galimoto ya katundu si chipinda chogona, bola ikuyenda. Iwo anatopa n'kusiya, anazolowera, mpaka phokosolo linasanduka mnzawo wa paulendo. Singano yoonetsa liwiro inafa kale, ndiye giya ankasintha pomvera kufuula kwa injini, ndipo tayala likaphwa ankadziwa poona mmene denga lasinthira nyimbo.

Zinthu zinafika poipa Lachitatu lina masana. Akukwera kamtunda ka pafupi ndi pomwetsera mafuta, chitseko chakumbuyo chinatseguka, mathileyi a mazira n'kuyamba kutsika limodzilimodzi. Anthu a m'mbali mwa msewu anakuwa mpaka mawu kusasa, magalimoto analiza mahutala, wanjinga wina anapalasa kuwathamangira mpaka anagwa mphwayi. Iwo ali phee pa chiwongolero, maso patsogolo, ulendo. Anakazindikira atafika pa shopu yoyamba, atapita kumbuyo n'kupeza chitseko chili yasa, theka la katundu palibe. Atatenga foni kuti aimbire mng'ono wawo, anapeza kuti mng'onoyo wawaimbira kale kasanu ndi kamodzi. Wina wowadziwa anali ataona zonse n'kumutsina khutu.

Madzulo ake anaitanidwa ku ofesi. Mng'ono ameneyu a Mwatichani anamuberekapo kumsana, anamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, ndipo chiwongolero anachigwira koyamba atakhala pamiyendo pawo. Lero anali kuseri kwa tebulo lalikulu, fani ikumupemerera, iwo ataimirira chipewa chili m'manja. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri, chifukwa munthu wokalipa umamumva. Uyu ankalankhula chapansipansi, mwaulemu wa anthu ophunzira, moti mkulu wakeyo ankachita kutola mawu pamilomo. Anati za mazira asadandaule, nkhuku ziikira ena. Chimene chikumusowetsa mtendere n'chakuti tsiku lina kumbuyo kwa vaniyo kudzakhala mwana wa munthu, anthu akukuwa, woyendetsa osamva. Choncho waganiza zoti makiyi apite kwa wina, iwo azikhala mosungira katundu n'kumasankha mazira osweka.

Kusankha mazira osweka! Munthu wa zaka naintini pamsewu, wosagundapo ngakhale galu. Makiyi amenewo ankawapachika palamba kuti aliyense aziwaona. M'mashopu monse ankadziwika kuti abambo a mazira, mpando wa vaniyo unali utalowa mkati molingana ndi thupi lawo, ndipo ana awo anaphunzira sukulu ndi chiwongolero chimenecho. Pamsewu panalibe wowalondalonda, panalibe wowatchula dzina lachipongwe lija. Koma mosungira katundu muja akanakhala tsiku lonse pakati pa anthu olankhula, aliyense akuwerenga kuti afunsa kangati pa ola limodzi. Chimenechi n'chimene ankachiopa kuposa china chilichonse.

Mtima unawira. Anati m'vani imeneyo ngakhale mutaikamo munthu wa makutu ngati mbale sangamve hutala. Anakumbutsa za malabala omwe anapempha mpaka kutopa. Anati si chilungamo kumulowetsa munthu mu mgolo, n'kumaumenya kunja, kenako n'kumufunsa chifukwa chake sakuyankha moni. Mng'onoyo anakweza mawu pang'ono.

"Chabwino achimwene, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Itengeni Lachisanu, mukaitseke pakamwa mmene mungathere. Lolemba tikwera limodzi. Ikakhala chete inu n'kumamva bwinobwino, makiyi ndi anu ndipo ndidzapepesa. Zikavuta, mundipatse makiyiwo popanda kukokanakokana."

A Mwatichani anavomera pomwepo, anachita kumenya patebulo, kalaliki yemwe ankakhala pakona ya ofesiyo ali mboni. Anatuluka mu ofesimo ngati munthu wopambana mlandu.

Akazi awo anali telala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde. Mayiwa anali atadziwa kalekale chimene chinkachitika, kungoti banja limasungidwanso ndi zinthu zosanena. Anali ndi kachitidwe kawo. Asanalankhule ankayamba agwira mkono wa amuna awo, kudikira atembenuke, ndiyeno n'kulankhula akuwayang'ana kumaso. Alendo akabwera, ankabwereza nkhani mokweza ngati akudabwa nayo, kuti bambowo aitole. Kawiri konse anayesapo kutchula zoti apite kuchipatala akaonetse makutu, ndipo kawiri konse m'nyumbamo munakhala zii masiku atatu, bambo akudyera kumbali. Atamva za pangano la Lolemba, anaika sizasi pansi n'kufunsa ngati panali munthu wina pomwe ankavomerapo. Atauzidwa kuti panali kalaliki, anangoti ooh, n'kupitiriza kusoka.

Lachisanu ataweruka, a Mwatichani anazungulira tauni yonse. Kwa ogulitsa zida za magalimoto akutha anapeza malabala a zitseko, osati a vani yomweyo koma oyandikirako. Kwa womata matayala anatola machubu akale. Mnzawo wina wokhoma madenga anawapatsa mpukutu wa phula lomatira malata odontha, lija lokhala ndi pepala lonyezimira kumsana. Ku ofesi ina komwe ankasintha kapeti anapempha yakaleyo pamodzi ndi siponji yake yapansi. Nzeru ya kagwiridwe anakaitenga kwa mkulu wina wosoka mipando ya magalimoto, yemwe anawauza kuti chitsulo sichimatidwa chisawawa. Umachigogoda kaye ndi chala. Pomwe payankha kuti ngwee ngati poto wopanda kanthu, pamenepo ndiye pali mlomo, umamatapo phula n'kulitsindira ndi botolo mpaka ligwire. Pomwe payankha kuti gu, pagona kale, umapitirira. Anawachenjezanso kuti asatseke timabowo ta pansi pa zitseko, apo ayi madzi a mvula adzasowa potulukira, dzimbiri n'kudya chitseko chonse.

Loweruka dzuwa lisanakwere, vani inali itavulidwa kale pabwalo. Mipando iwiri yakutsogolo ili pansi pa mtengo, zikuto za zitseko zatsamira khoma, mabawuti ali m'chitini kuti asasowe. Anasesa fumbi la zaka zonsezo, makoko a mazira, zitsekerero za mabotolo, ndi kaphini ka tsitsi ka mwana wawo wamkazi yemwe tsopano ali pabanja kutali. Anatsuka chitsulo chonse ndi madzi a sopo n'kudikira chiume. Phula analiyanika padzuwa kuti lifewe. Kenako anakwera kumbuyo, anapinda chala, n'kugogoda.

Anagogoda apa, anagogoda apo. Ngwee sanamumve, gu sanamumve. Chitsulo chonse chinkayankha chimodzimodzi, kamawu kakutali ngati wina akukhoma msomali nyumba yachitatu. Anadziuza kuti mwina ndi wailesi ya aneba, ngakhale sankadziwa ngati wailesiyo ikulira. Anayesa njira ina, dzanja limodzi kuligoneka pachitsulo linalo n'kugogoda, kuti amve kunjenjemera ndi chikhatho. Zinathandizako, koma pang'ono. Mapeto ake anasuzumira kunja n'kuitana akazi awo, akuti ntchito imeneyi imafuna wina aime chapatali chifukwa wogogodayo amakhala pafupi kwambiri ndi phokoso. Mayiwo sanatsutse bodzalo. Anasiya diresi la eni ake pamakina n'kubwera kudzaima pakhomo la vani.

Ndiye zinayenda motere tsiku lonse. Bambo gogogo, n'kutembenuka kuyang'ana mayi. Mayi akati "palira", bambo n'kulembapo ndi choko. Akati "pagona", n'kusuntha. Denga lonse linadzaza choko, m'mbali chimodzimodzi, ndipo pamwamba pa matayala ndiye panali pamsika penipeni. Kunena zoona, munthuyu manja anali nawo. Ankadula phulalo mofanana bwino, kulimata, kulitsindira ndi botolo mpaka mikono kuwawa, osasiya kampweya ngakhale kamodzi pansi pake. Pamwamba pa matayala anayamba ndi phula, kenako chubu, kenako siponji. Mawaya onse omwe ankagwedera m'zitseko anawakulunga ndi tinsanza n'kuwamanga. Mayiwo ankadula kapeti ndi sizasi yawo yabwino ija, yomwe sankalola ngakhale mwana wawo kuigwira. Chakudya chamasana anadyera m'vani momwemo, miyendo ili lendelende kumbuyo, manja ali bii, ndipo anaseka mpaka misozi pamene bambowo anakhalira chidutswa cha phula n'kunyamuka nacho. Panali patapita zaka zambiri asanakhalepo tsiku lathunthu akugwira ntchito imodzi.

Pofika Lamulungu masana, pansi panali patayalidwa, denga litavekedwa, malabala atalowa m'zitseko zakutsogolo. Chakumbuyo chomwe chinawachititsa manyazi chija anachiikiranso loko wina. Ngakhale kambale koikamo foni pafupi ndi giya anakayala siponji kuti foni isamavine pachitsulo. Chinatsala chitseko chimodzi chokha, cha m'mbali chochita kukoka, chomwe chinali mtsogoleri wa kwaya yonse. Timawilo take tinali gwedegwede, ndipo pa dzenje lililonse la mumsewu chinkamenya ngati wina akufuna kulowa mokakamiza.

Akutenga sipanala kuti ayambe kuchimasula, anamva dzanja pamkono. Anatembenuka.

"Abambo, siyani chitseko chimodzi chizilira."

Bambowo anayesa kuti ndi nthabwala ndipo anaseka. Mayiwo sankaseka. Anayamba ndi kuzungulira, akuti mwatopa, akuti galimoto yakale siyenera kukhala chete ngati yatsopano, alamu angayambe kuisirira. Bambowo ataumirira kuti anene chenicheni, mayiwo anapukuta manja pasiketi n'kulankhula pang'onopang'ono, liwu limodzilimodzi, kuti pasatayike kanthu.

"Phokosoli ndi limene lakhala likukuyankhirani milandu zaka zonsezi. Mukalichotsa lonse, mawa mukayankha nokha."

A Mwatichani anamva bwinobwino, ndipo bola akanapanda kumva. Mkwiyo unawakwera. Anati ohoo, ndiye kuti mwagwirizana ndi alamu anu. Anati kodi mkazi wa m'nyumba ndi amene akufuna mwamuna wake akakhale pa benchi kusankha mazira osweka, anthu azidutsa akuseka? Anati ngati akufuna kuwatchula gonthi angowatchula, asachite kubisala kuseri kwa chitseko. Mayiwo anati mawu amenewo sanatulukepo pakamwa pawo ndipo sadzatuluka, iwo akungopempha chitseko chimodzi. Anatola sizasi yawo n'kubwerera pakhonde.

Pali anthu ena akapsa mtima amaswa mbale, ena amagwira ntchito mwaluso loopsa. Chitseko chimenecho a Mwatichani anachikonza kuposa zonse. Anasintha timawilo, anathira girizi m'njanji yake, ndipo poti wowauza kuti palira panalibenso, anangomata phula paliponse, kawiri. Anadula chubu n'kuchiika pomwe chitsulo chimakumana ndi chinzake. Atamaliza anachikoka, chinatsetsereka n'kutsekeka mofatsa ngati chitseko cha firiji. Anayang'ana pakhonde kuti aone ngati mayiwo aona. Phazi la mayiwo linali likupalasa makina mwamphamvu, mutu uli pansi, koma makinawo sankamveka. Anadziuza kuti ayenera kuti awathira mafuta.

Lolemba anadzuka ndi nyimbo. Anavala malaya ositidwa, anapukuta magalasi, ndipo atailiza vani n'kutuluka pageti anachita kudabwa okha. Zii. Denga duu, zitseko duu, timiyala tija ngati tasamuka. Ankamwetulira okha m'tinjira tokumbikakumbika ta pakati pa kunyumba ndi kuntchito, akukonza mawu odzamuuza mng'ono wawo akamapepesa, mawu aulemu koma okhala ndi kaminga. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, kungoti mwambiwu umakumbukiridwa mbuzi itapita kale.

Kuntchito anzawo anaizungulira vaniyo, uyu kugogoda, uyu kutsegula n'kutseka, kalaliki mpaka analowetsa mutu kununkhiza kapeti. Mng'onoyo anafika foni ili m'manja, anakoka chitseko cha m'mbali kawiri, n'kugwedeza mutu movomereza. Anapakira mathileyi a mashopu atatu, anamanga bwino, awiriwo n'kukwera.

Vuto linayamba atalowa mumsewu waukulu. Zaka zonsezi a Mwatichani ankasintha giya injini ikafuula, pansi pakanjenjemera mpaka m'mapazi. Tsopano pansi panali phula, chubu, siponji ndi kapeti, moti mapazi sankamva kanthu, makutu nawonso sankamva kanthu. Ankangoyenda mosangalala mpaka anaona chala cha mng'ono wawo chikugogoda pa ndodo ya giya. Anali adakali mu giya yachiwiri, injini ikudzipha. Anasintha msangamsanga n'kuseka, akuti mwaionatu ntchito, ngakhale injini yasowa pakamwa. Mng'onoyo sanaseke.

Patapita kanthawi anaona cham'mbali milomo ya mng'ono wawo ikuyenda. Apa ndi pomwe anagwira njakata, chifukwa pamsewu sungasiye kuyang'ana kutsogolo n'kumawerenga milomo ya munthu. Kale zikatere zinali zosavuta. Ankangokweza dzanja kuloza denga n'kukwinya nkhope, wolankhulayo n'kumvetsa kuti ndi phokoso, n'kufuula kapena kusiya. Dzanjalo linanyamuka lokha mwachizolowezi, linafika m'mwamba, n'kukhudza kapeti yomwe anaimata okha, yosalala, yachete. Analibweza n'kudzikanda kumutu. Anati eya, eya, akugwedeza mutu, osadziwa ngati akuvomera moni kapena akuvomera kulandidwa makiyi. Thukuta linayamba kutsikira m'kolala ya malaya ositidwa aja.

Milomo ija inayenda kachiwiri, kachitatu, kenako inasiya. Mtima unakhalako m'malo. Anaganiza kuti mwina mwanayu amangoyamikira ntchito. Anapereka mazira pa shopu yoyamba, mwini shopu n'kuwaseka mokuwa kuti lero afika ngati mbala, masiku onse amawamva akadali kuseri kwa msika. Anaseka nawo n'kupitirira.

Pa maloboti a pamphambano yaikulu anapeza ofiira atayaka, anaima. Poti anapeza mpata, anatsitsa maso kuti aone giya, ndipo m'kambale kaja foni yawo inali ikuwala. Inagona phee pa siponji yake, osavina, osasuntha, ikungowala. Pagalasi lake panalembedwa kuti Mng'ono. Anayamba adabwa ngati mwana, kuti munthu ali pompano angaimbe bwanji. Atatembenuka anaona foni ya mng'onoyo ili pabondo, chala chili pamwamba pake, mwini wake akuyang'ana kutsogolo ngati palibe chikuchitika.

Mng'onoyo anadula foni. Kenako anachita chinthu chomwe a Mwatichani sadzamukhululukira. Anawagwira pamkono, anadikira amuyang'ane, n'kulankhula pang'onopang'ono ngati mmene amachitira mayi a kunyumba.

"Achimwene, aka n'kachinayi ndikuimba foni yanuyi. Ikulira pafupi ndi bondo lanu. Koma vaniyi mwaikonza bwino kwambiri."

Bola akanawatukwana. Ndiye kuti ngakhale kagwiridwe ka mkono kameneka kanali kodziwika, anthu ankaonera n'kumaphunzira mmene amalankhulira ndi munthu wosamva, iwo okha ndi amene ankayesa chinsinsi. Mawu aulemu okhala ndi kaminga aja anasowa, panatuluka ena.

"Makutu angawa inadya ndi vani yakoyi. Zaka naintini ndikukupempha malabala, iwe uli bola ikuyenda. Ndaikonza masiku awiri ndi zinyalala zotola. Masiku awiri."

Mng'onoyo anatembenukira kuwindo. Nsagwada yake inayenda, anayankha ndithu, ndipo yankholo linali lalitali, koma anayankhira galasi. Kaya anapepesa, kaya anadziikira kumbuyo, kaya anati zakale n'zakale, a Mwatichani sakudziwa mpaka lero, ndipo kufunsa kuti mwati chani sakanatha. Maloboti anali atasintha. Pagalasi loonera kumbuyo anaona dzanja la dalaivala wina likumenya mphepo kunja kwa windo, pakamwa pali yasa. Analowetsa giya n'kunyamuka.

Anapereka mazira m'mashopu awiri otsalawo. Atabwerera anaimika vani pamalo pake, molunjika bwino monga mwa masiku onse, n'kuzimitsa. Anachotsa makiyi pa mphete pomwe panalinso kiyi wa kunyumba, chikhadabo mpaka kuthyoka, n'kuwaika pa dashibodi, osati m'manja mwa munthu. Anzawo aja, omwe m'mawa ankagogoda n'kumayamikira, aliyense anapeza chochita kumbali.

Vaniyo anapatsidwa mlamu wake wa mng'onoyo, bambo wokonda magalasi akuda. Tsiku lomwelo anayamba kufunsa komwe angapeze wailesi yabwino, poti m'galimoto yachete chonchi nyimbo zimakoma. Ameneyo adzakalamba ndi makutu ake onse awiri chifukwa cha phula la a Mwatichani. Iwo anaonetsedwa benchi ndi tebulo mosungira katundu muja, pansi pa babu, pomwe dzira umaliyang'anitsa pa kuwala kuti uone mng'alu. Kalaliki anawauza mokweza kwambiri kuti ntchitoyi ndi yabwino, siifuna makutu, ndipo iye ankayesa akuwatonthoza.

Anaweruka dzuwa likadalipo n'kuyamba wapansi. Njira yonse ankaganiza chinthu chimodzi, ndipo chinkawawa kuposa benchi ija. Pa zonse zowazungulira, vani ija ndi yokhayo yomwe inkawalankhula mokweza mpaka kumva osafunsa kachiwiri. Ndiye aitseka pakamwa okha, ndi botolo, mosamala, wina atawapempha kuti asiyeko chitseko chimodzi.

Pabwalo panali padakali zotsala za dzulo, tizidutswa ta kapeti, mapepala onyezimira, chitini cha mabawuti, ndi madontho a oyilo pomwe vani inkagona. Mayiwo anali pakhonde. Anayang'ana kugeti, anayang'ana palamba pa amuna awo, n'kuimitsa makina. Sanati ndinanena. Bola akanatero, munthu akanapeza wokangana naye.

A Mwatichani sanakwere pakhonde. Anakhala pa njerwa pafupi ndi mgolo wa madzi a mvula, womwe unali wouma chisiyireni mvula. Anayang'ana madontho a oyilo aja. Kenako anapinda chala n'kugogoda mgolowo, kamodzi, kawiri, mpaka fupa kuwawa. Kunabwera kamawu kakutali komwe kaja, ka nyumba yachitatu. Anatembenuka n'kuyang'ana pakhonde.

Mayiwo anadikira mpaka maso akumane, ndipo milomo yawo inati, "Palira."